Miyala ya ku Mwakasyunguti: dzina linapezeka, zaka zikadali pa mkangano

Kumwera kwa tauni ya Karonga, m'dera la Mwakasyunguti ndi chigwa cha mtsinje wa Sitwe, madzi a mvula anakumba makwawa akuya m'miyala ya mchenga yofiirira ndi yotuwa. Akatswiri a miyala amaitcha Dinosaur Beds. Ndi mchenga ndi matope zomwe mitsinje yakalekale inkasiya ikasefukira, ndipo zinaunjikana mpaka kuuma gwa. Chigawo chapansi n'chofiira kwambiri koma mafupa mulibe. Mafupa ali m'chigawo chapamwamba, momwe mchenga woyererako umasinthana ndi dothi lofiira lokhala ndi timibulu ta laimu. Timibulu timeneti timapangika m'nthaka ya kumalo komwe mvula imagwa nyengo imodzi kenako kumauma kwa miyezi yambiri. Nyanja ya Malawi pa nthawiyo kunalibe, ndipo Africa ndi South America zinali zikungolekana kumene.

Yemwe anayamba kulemba za miyalayi mwatsatanetsatane ndi Frank Dixey, mkulu wa nthambi yofufuza za miyala m'boma la Nyasaland. Mu 1924 anatola mafupa osanduka miyala kumeneko n'kuwatumiza ku South Africa kwa Sidney Haughton, katswiri wa mafupa a zamoyo zakale. Mu 1928 Haughton analengeza kuti ena mwa mafupawo ndi a dinosaur wa khosi lalitali, n'kumutcha Gigantosaurus dixeyi. Analipo ndi kamba wa m'madzi yemwe anamutcha Platycheloides nyasae.

Vuto linayambira pa dzina loyambalo. Haughton ankayerekeza mafupa a ku Karonga ndi a ku Tendaguru, kum'mwera chakum'mawa kwa Tanzania, komwe Ajeremani anakumba mafupa ochuluka nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Dzina la Gigantosaurus analitenga kumeneko. Koma dzinali linali litapatsidwa kale kwa mafupa ena a ku England mu 1869, ndipo nyama ya ku Tendaguru inali itasinthidwa dzina kukhala Tornieria mu 1911. Choncho nyama ya ku Karonga nayo inangolowetsedwa m'banja la Tornieria, ndipo inakhala m'menemo zaka zambiri ngati mwana wolembedwa pa mtundu wa eni ake, popanda wobwera kudzafunsa ngati akufananadi. Pamodzi ndi dzinalo panabweranso ganizo loti miyala ya ku Karonga ingakhale ya msinkhu woyandikana ndi ya ku Tendaguru, yomwe ili ndi zaka pafupifupi 150 miliyoni.

Zinthu zinasintha kuyambira mu 1984, pomwe Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Dallas anayamba kugwira ntchito ndi nthambi ya boma la Malawi yoona zinthu zakale. Anabwereranso kukakumba mu 1987, 1989, 1990 ndi 1992. Ntchito yake si ya khasu ayi. Fupa likaonekera m'khoma la khwawa, amalikumba mozungulira pang'onopang'ono ndi kansonga ndi kaburashi, kulikuta ndi ziguduli zoviika mu pulasitala, kudikira kuti ziume, kenako kulitembenuza ndi dothi lake lomwe kuti lisaphwanyike ponyamula. Mwa njira imeneyi anapeza mafupa a msana, a mchira, a miyendo, nsagwada ndi zidutswa za chibade. Zibade za nyama za mtunduwu sizipezekapezeka, chifukwa mutu unali waung'ono ndi wosalimba, ndipo nyama ikafa umayamba ndiwo kusweka kapena kukokoloka.

Mu 1993 Jacobs, Dale Winkler, William Downs ndi Elizabeth Gomani anaonetsa kuti nyamayi si mbale wa Tornieria. Ndi ya gulu lina la ma dinosaur a khosi lalitali lotchedwa ma titanosaur, yotalika mamita pafupifupi 10, ya mphuno yaifupi, yokhalanso ndi timafupa tina pakhungu. Anaitcha Malawisaurus dixeyi. Gomani, Mmalawi yemwe anakachita maphunziro a udokotala ku Dallas pa mafupa omwewa, anatchulanso dinosaur wachiwiri mu 2005, Karongasaurus gittelmani, wa nsagwada yaitali ndi mano opyapyala.

Kwa ine chokoma kuposa zimphonazi ndi kang'ona kakang'ono, kotalika masentimita 60 okha, komwe Gomani anakatcha Malawisuchus mwakasyungutiensis mu 1997. Mano a ng'ona za lero ndi zisonga zokhazokha, zogwirira nyama n'kumeza. Kang'ona aka mano ake akumbuyo anali ndi timitu tingapo, ofanana kwambiri ndi a nyama zoyamwitsa, ndipo nsagwada yake inkatha kuyenda chakutsogolo potafuna. Ofufuza ankasefa mchenga pofuna mano a nyama zoyamwitsa zakale, koma m'malo mwake anakumana ndi kameneka. Mafupa ake ena anapezeka ali olumikizana bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake akuganiza kuti tinkafera m'mauna momwe tinkabisala m'mphepete mwa mitsinje. Achibale ake apafupi anapezeka ku Brazil.

Nkhani ya dzina inatha, koma ya zaka sinathe. Kuti munthu apime zaka za mwala molondola amafuna phulusa kapena chiphalaphala cha phiri lophulika, ndipo m'miyala ya ku Mwakasyunguti zoterezi sizinapezeke. Ofufuza amadalira zamoyo zomwe zili m'menemo, kuphatikizapo tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi tokhala ndi zigoba totchedwa ostracod, n'kuyerekeza ndi za kwina. Poyerekeza choncho gulu la Jacobs linaika miyalayi kumayambiriro kwa nyengo ya Cretaceous, yomwe ndi nyengo yomaliza ya ma dinosaur, zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo ndi zomwe mabuku ambiri amalemba. Koma kutsidya kwa malire, m'chigwa cha Rukwa ku Tanzania, kuli miyala yofanana nayo yotchedwa Galula, momwe munapezeka kang'ona kena ka mano otere, Pakasuchus. Kupima mphamvu ya maginito yomwe inatsalira m'miyala ya Galula kunaonetsa kuti chigawo chake chapamwamba chingakhale cha kumapeto kwa Cretaceous, ndipo ena akufunsa ngati miyala ya ku Karonga siili chimodzimodzi. Si nkhani yaing'ono. Malawisaurus amawerengedwa pakati pa ma titanosaur oyambirira, ndiye zaka zake zikatsika ndi mamiliyoni ambiri, mbiri ya gulu lonselo iyenera kuunikidwanso.

Pamwamba pa Dinosaur Beds pagona miyala ina yaing'ono kwambiri pa zaka, ya Chiwondo, yomwe inaunjikana nyanja itayamba kale kupangika. M'menemo, ku Uraha, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakale, Homo rudolfensis, mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004, nkhani ya nsagwadayi ili pansi pa denga limodzi ndi chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, ndipo mlendo wosafunsa angatuluke akuganiza kuti awiriwa anamwapo madzi pamtsinje umodzi. Ma dinosaur otere anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, ndipo ngakhale atapambana omwe akuti miyalayi ndi ya kumapeto kwa Cretaceous, pakati pa awiriwa patsalabe zaka zoposa 60 miliyoni.