Baibulo lonse m'masiku 90: mafunso ndi mayankho

Pali ndondomeko imene Akhristu ena amatsatira, payekha kapena pagulu, yowerenga Baibulo lonse m'miyezi itatu, kuyambira Genesis 1 mpaka Chivumbulutso 22. Munthu akangomva zimenezi amayamba wapukusa mutu, kenako mafunso amabwera.

Kodi malamulo ake ndi otani?

Ndi atatu basi. Muziwerenga tsiku lililonse, musadumphe kanthu, ndipo musaime panjira kuti mufufuze zimene simunamve. Baibulo la mabuku 66 lili ndi machaputala 1,189, ndiye kuti 929 m'Chipangano Chakale ndi 260 m'Chipangano Chatsopano. Tikawagawa m'masiku 90, tsiku lililonse likhala ndi machaputala 13 ndi kotsalira pang'ono. Amene amawerenga kwa chaka chathunthu amawerenga atatu kapena anayi patsiku. Ngati lanu ndi Baibulo la Akatolika, la mabuku 73, momwe mulinso Tobiti, Yuditi, Baruki, mabuku awiri a Amakabeo ndi ena, onjezerani masiku kapena kulitsani gawo la tsiku.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji patsiku?

Baibulo lonse, munthu akamaliwerenga mokweza, limatenga maola pakati pa 70 ndi 80. Patsiku ndi mphindi pafupifupi 50, choncho konzekerani ola lathunthu. Olalo silidzagwa kumwamba. Liyenera kuchotsedwa penapake, ndipo kwa ambiri a ife likachokera pa foni. Ngati ola limodzi lokhala pansi likukuvutani, lidulenipo pawiri, theka m'mawa ndi theka madzulo. Musalisiyire lonse nthawi yogona, pakuti tulo sitiopa Ezekieli.

Ndiziwerengera machaputala kapena masamba?

Masamba. Machaputala ndi osiyana kwambiri kutalika kwake. Salimo 117 lili ndi ndime ziwiri zokha, pamene Salimo 119 lili ndi ndime 176. Machaputala 13 a m'Masalimo mukhoza kuwatha madzi asanawire pamoto, koma 13 a mu 1 Mafumu adzakudyerani madzulo onse. Ndiponso olemba Baibulo si amene anaika machaputalawa. Kagawidwe kamene tikugwiritsa ntchito lero kanachokera kwa Stephen Langton, yemwe anali bishopu wamkulu wa ku Canterbury m'zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a ndime za m'Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Simukulakwira aliyense mukaima pakati pa chaputala.

Onani kuti Baibulo lanu lili ndi masamba angati, muwagawe ndi 90, ndipo muike chizindikiro pamene mukalekezere musanayambe kuwerenga. Tengani Baibulo la chinenero chimene mumamva mosavutikira, losachuluka ndemanga m'munsi mwa masamba. Ndemangazo n'zabwino, koma pa ulendo uno zimangokukodolani kuti mupatuke.

Paja kuthamanga si kufika. Ndingatolepo chiyani powerenga mwa liwiro chotero?

Funso lenileni ndi limeneli, ndipo kudandaulako n'koona mbali ina. Simudzakumbukira mayina a mafumu onse a Yuda. Simudzasinkhasinkha ndime iliyonse monga mumachitira pa nthawi ya mapemphero anu, ndipo ndondomekoyi siilowa m'malo mwa zimenezo. Chimene imapereka n'china: mumaona m'mene mabukuwa alumikizirana, chifukwa pofika kutsogolo mumakhala musanaiwale za m'mbuyo.

Taonani Levitiko 16, pamene mkulu wa ansembe amalowa m'malo opatulika kwambiri kamodzi pachaka atatenga magazi. Wolemba kalata ya Ahebri, pa chaputala 9, akulankhula ndi anthu amene mwambowu ankaudziwa bwino. Mukamawerenga kwa chaka, pakati pa malo awiriwa pamadutsa miyezi khumi, ndipo Levitiko amakhala atazilala kalekale m'mutu. Pa ndondomeko ya masiku 90 pamadutsa miyezi iwiri ndi theka yokha. Melikizedeki mumakumana naye m'ndime zochepa pa Genesis 14, amatulukiranso pa Salimo 110, ndipo akadzabwera pa Ahebri 7 mumamuzindikira ngati munthu amene munapatsana naye moni. Nkhani ya mfumu Hezekiya ndi ankhondo a ku Asiriya mumaiwerenga pa 2 Mafumu 18 mpaka 20, ndipo patangopita mwezi mumaipezanso pa Yesaya 36 mpaka 39, pafupifupi mawu omwewo. Apa m'pamene munthu amadzidzimuka kuti aneneri sanali kulankhula m'malere. Anali ndi mafumu awo, nkhondo zawo ndi zaka zawo. Hagai ndi Zekariya, amene mabuku awo ali chakumapeto kwa Chipangano Chakale, anali atatchulidwa kale pa Ezara 5 monga anthu olimbikitsa ntchito yomanganso Nyumba ya Mulungu.

Ine ndimaona kuti amene amapindula kwambiri ndi munthu amene wakhala akupemphera zaka zambiri, ndime zotchuka anaziloweza, koma sanatsegulepo Obadiya kapena Nahumu. Ndimezo amazidziwa ngati nkhope za anthu okumana nawo panjira, koma kwawo sakudziwako.

Nanga ambiri amagwera pati?

Genesis sagwetsa munthu, nkhani zake zimakoka zokha. Mavuto amayamba pa Eksodo 25, sabata yoyamba isanathe, pamene nkhani imaima n'kuyamba miyeso ya chihema, nsalu zake ndi zitsulo zake. Kenako Levitiko ndi machaputala ake 27 a nsembe ndi zodetsa. Numeri 7 ali ndi ndime 89, zambiri mwa izo zikubwereza zopereka zofanana za atsogoleri 12 a mafuko. Amene apulumuka pamenepa amakakumana ndi 1 Mbiri, momwe machaputala asanu ndi anayi oyamba ndi mayina a mibado okhaokha, ndipo patsogolo pali Ezekieli 40 mpaka 48 ndi miyeso ina.

Ubwino wa liwiro uli pomwepa. Levitiko yense mumamutha m'masiku awiri kapena atatu, pamene wowerenga kwa chaka amakhala naye kupitirira sabata. Pa mayina a mibado musalimbane ndi katchulidwe. Yendetsani maso, muone amene mukuwadziwa, mupitirire.

Ndatsalira masiku atatu. Ndichite chiyani?

Musaunjike zonse kuti muzithe tsiku limodzi. Machaputala 50 pa tsiku lopuma ndi amene amachititsa anthu kutseka Baibulo osalitsegulanso. Onjezerani masamba awiri kapena atatu pa gawo la tsiku lililonse mpaka ngongoleyo ithe. Zikakanika, sunthani tsiku lomalizira. Amene wamaliza pa tsiku la 104 wawerenga Baibulo lomwelo.

Kodi kumvetsera Baibulo lojambulidwa mawu n'kuba?

Ayi. Malemba ambiri anayamba kufika kwa anthu kudzera m'khutu. Pa Nehemiya 8, Ezara anawerengera anthu Chilamulo kuyambira m'mawa mpaka masana. Paulo analamula kuti kalata yake kwa Akolose iwerengedwe pamaso pa mpingo, ndipo Chivumbulutso chimayamba ndi kudalitsa wowerenga pamodzi ndi akumva. Chenjezo n'lakuti khutu limathawa msanga kuposa diso. Pa nkhani za Samueli ndi Mafumu kumvetsera kumayenda bwino, koma pa kalata ya Aroma ndi bwino kukhala ndi buku m'manja.

Kodi n'zokakamiza kutsata mabuku monga alili m'Baibulo?

Ambiri amatero chifukwa n'kosavuta kudziwa pamene wafika. Koma dziwiranitu kuti Mateyu mudzamupeza cha m'ma tsiku la 70, ndipo Chipangano Chatsopano chonse chidzapita m'masabata atatu otsalawo. Ngati kukhala miyezi iwiri osawerenga Uthenga Wabwino kukukulemerani, sakanizani: machaputala khumi a Chipangano Chakale ndi atatu a Chatsopano tsiku lililonse. Kusakaniza si kwachilendo. Mbusa wa ku Scotland, Robert Murray M'Cheyne, anakonzera mpingo wake mu 1842 ndondomeko ya chaka yowerenga malo anayi osiyana patsiku, ndipo anthu akuigwiritsabe ntchito.

Ndilumbire pamaso pa Mulungu kuti ndidzamaliza?

Ndingakulangizeni kuti musatero. Mlaliki 5 akuchenjeza kuti kusalumbira n'kwabwino kuposa kulumbira koma osachita, ndipo matenda, maliro kapena mwana wakhanda sizifunsa kuti muli pa tsiku lachingati. Uzani mnzanu mmodzi kapena awiri, makamaka amene akuwerenga nanu, kuti azikufunsani kamodzi pa sabata pamene mwafika. Gululo lisasanduke bwalo la mpikisano, chifukwa otsalira amayamba kunama kapena kusowa.

Nanga mafunso amene ndikumana nawo panjira?

Adzakhala ambiri, makamaka mu Yoswa, Oweruza ndi Yobu. Khalani ndi pensulo, muike kachizindikiro m'mbali mwa ndimeyo kapena mulembe pa kapepala, mupitirire. Ena adzayankhidwa ndi buku lotsatira musanafunse n'komwe. Otsalawo mudzayambire pa tsiku la 91, limodzilimodzi, ndi m'busa kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira.