Batire la lithium si la galimoto, musamangolumikiza

Funso loti "ndagula batire lina, ndingolumikiza pa lakale lija?" landitopetsa. Ayi, musangolumikiza.

Pa parallel (kulumikiza + ku + ndi - ku -), batire lodzadza likakumana ndi lopanda moto, lodzadzalo limathira mphamvu mwa linzake mwaukali moti waya amatentha nthawi yomweyo. Tchajani lililonse palokha mpaka lidzadze, lipumeko, kenako yezani ndi mita, asasiyane kupitirira 0.1V. Ndikuti mpaka lidzadze chifukwa batire la lithium la mtundu wa LiFePO4 limaonetsa cha m'ma 13V kaya lili theka kaya latsala pang'ono kudzadza, ndiye mita yokha ikunamizani. Batire lililonse likhale ndi fyuzi yake, ndipo mawaya akhale ofanana kutalika ndi kunenepa.

Pa series (kulumikiza + ya batire lina ku - ya linzake) ndi pamene anthu amapwetekera ndalama zawo. Awiri a 12.8V amapereka 25.6V, anayi 51.2V, izi aliyense amazidziwa. Chimene ambiri sawerenga ndi kabuku kake: mabatire ena amalola anayi pa series, ena salola n'komwe, chifukwa BMS, kachipangizo kamkati koteteza batire, singapirire mphamvu ya onse pamodzi. Ndipo akhale a kampani imodzi, ma Ah (kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) ofanana, ogulidwa nthawi imodzi.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mwini golosale wina amene anaphatikiza la 100Ah lakale ndi la 200Ah latsopano pa inveta ya 24V. Laling'onolo linkayamba kutha, BMS yake n'kudula, firiji n'kuzima usiku uliwonse. BMS ija inkagwira ntchito yake bwinobwino. Koma anaitana "mmisiri" wa pamsika, yemwe anatsegula batire, n'kudumphitsa BMS ndi waya, n'kulandira yake. Firiji inasiyadi kuzima. Pamene ankandiitana n'kuti maselo a mkati mwa batirelo atafufuma, chivundikiro chitang'ambika, batirelo lili pansi pa shelefu ya mafuta ophikira, ana akugona kuseri kwa khoma lomwelo.

Munthu akakuuzani kuti BMS ndi imene ikuvutitsa, tiichotse, mubwezeni pakhomo pomwepo. Chimodzimodzi ogulitsa mapaketi a maselo a 18650 otoledwa m'malaputopu akale, okulungidwa ndi tepi: mtundu umenewo ndiye sumachedwa kuyaka, ndipo moto wake umatha kuyambiranso mutauzimitsa.

Batire likafufuma, likamatentha lisakugwira ntchito, kapena likamatulutsa fungo lachilendo, musati tidikire kutha kwa mwezi. Zimitsani inveta ndi sola, lilumuleni, mulitulutse panja kutali ndi denga laudzu lero lomwe.