Mafuta ochuluka sateteza mfuti

Alenje ambiri kuno ku Chipata amati mfuti yosamalika ndi yodontha mafuta. Si zoona. Mafuta otsalira mumpope wa mfuti amapanikiza chipolopolo powombera, ndipo mpopewo ungatupe. Amakolanso fumbi la mu Okutobala, n'kusanduka phala lokanda zitsulo. Mafuta ophikira ndiye oipiratu: amauma n'kumata, kamsomali komenya chipolopolo n'kuyamba kukakamira.

Choyamba chotsani zipolopolo, musuzumire kuti mulibedi kanthu. Pititsani mumpope kansalu kokhala ndi madontho awiri kapena atatu a mafuta a mfuti, kenako kouma musanawombere. Posunga mfuti, kukamwa kwake kuloze pansi kuti mafuta asalowe m'thabwa n'kulifewetsa. M'dzinja muziiyang'ana sabata iliyonse, makamaka pomwe zala zathukuta zinakhudza, poti dzimbiri limayambira pamenepo.