Banja la Guinness: mowa, tchalitchi ndi nyumba za osauka

Mu Disembala 1759, Arthur Guinness adasaina pangano lochita lendi malo ofululira mowa ku St James's Gate mumzinda wa Dublin. Lendi yake idali mapaundi 45 pachaka, ndipo panganolo lidali la zaka 9,000. Ndikamaphunzitsa mbiri ya Ireland ndimayambira pa pepala limeneli, chifukwa limaonetsa munthu yemwe sankaopa kuti wina adzamuchotsa pamalo.

Mtima umenewo udali ndi gwero lake. Banjali lidali la mpingo wa Church of Ireland, m'kagulu ka Apulotesitanti komwe timakatcha Anglo-Irish. Adali ochepa, koma minda, makhoti ndi maudindo zidali m'manja mwawo, pomwe Akatolika, omwe adali unyinji, sankaloledwa n'komwe kukhala aphungu.

Arthur ndi mkazi wake Olivia adabereka ana 21, koma khumi okha ndiwo adakula. Chomwe chimandichititsa chidwi n'chakuti chuma sichidamwazike. M'badwo uliwonse udali ndi munthu mmodzi wogwira chiwongolero. Mdzukulu wa Arthur, Benjamin Lee, adakhala meya wa Dublin mu 1851, kenako adakonza ndi ndalama za m'thumba mwake tchalitchi chachikulu cha St Patrick chomwe chidatsala pang'ono kugwa. Ana ake awiri adasiyana njira mu 1876: Edward adagula gawo la kampani la mkulu wake, nayenso dzina lake Arthur, yemwe pambuyo pake adakonza paki ya St Stephen's Green n'kuipereka kwa anthu onse mu 1880. Mu 1886 Edward adagulitsa masheya ambiri a kampaniyi ku London.

Si onse adakonda mowa. Mdzukulu wina wa Arthur woyamba uja, Henry Grattan Guinness, adali mlaliki ndipo adathandiza kutumiza amishonale ku Congo.

Chifundo cha banjali chidali chenicheni, ndipo sindichinyoza. Antchito awo ankalandira chithandizo cha dokotala ndi penshoni nthawi imene ena sankazilota. Komabe kwa zaka zambiri maudindo akuluakulu pafakitaleyo ankapita kwa Apulotesitanti, Mkatolika n'kumathera pogubuduza migolo. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo zimandiwawa wina akafuna kufufuta chimodzi.

Mu 1997 kampaniyi idaphatikizana ndi kampani ina yotchedwa Grand Metropolitan n'kukhala Diageo, banja litasiya kale kuiyendetsa. Koma pafupi ndi St Patrick, midadada ya njerwa zofiira yomwe Edward adamangira osauka idakalipo, ndipo bungwe lake la Iveagh Trust likusungabe mabanja mmenemo.