Musawalande ana kolugeti chifukwa cha za pa WhatsApp

Ndatopa nawo mawu akuti "adokotala, tamva kuti fluoride ndi poizoni." Fluoride ndi mankhwala oteteza mano kuti asabooke, omwe amapezekanso mu kolugeti. Kumene zachokera ndikukudziwa. Mu 2025 andale a ku Utah ndi ku Florida, ku America, analetsa kuthira fluoride m'madzi a m'mipopi, ndipo nkhaniyo pofika m'magulu a WhatsApp ku Ndirande ndi ku Bangwe inali itasanduka ina. Ku America anayamba kuthira mu 1945, mumzinda wa Grand Rapids, ndipo akukangana pa kamlingo kochepetsetsa, mamiligiramu 0.7 pa lita. Ife kuno tangotolapo mantha okha.

Ena amaloza madzi a pampopi akamatuluka otuwa ngati mkaka, n'kumati ndi fluoride. Umenewo ndi mpweya, atsireni m'tambula, posachedwa angalala. Fungo lija ndi la klorini, wopha tizilombo ta kolera. Fluoride sanunkha, saoneka.

Amene amandiwawabe mtima ndi kamtsikana ka zaka 7. Mayi ake, pochita mantha, anakasiyitsa kolugeti n'kumakatsukitsa ndi makala ndi mchere, pomwe masiwiti ndi mafirizesi sikanasiye. Dzino litayamba kuwawa anangokapatsa panado, ati ndi lamkaka, ligweruka lokha. Anafika nako tsaya litatupa mpaka diso kutsinzina, kakulephera kutsegula pakamwa. Linali dzino lachitsakano lomwe limamera pa zaka 6, ndipo limeneli likachoka sipameranso lina. Tinalizula. Akanabwera kabowo kadakali kakang'ono tikanangomata.

Fluoride akachuluka amawonongadi, sindikubisa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligiramu 1.5 pa lita, koma mijigo ina ku Nsanje, Chikwawa, Machinga ndi Nathenje imapyola pamenepo chifukwa cha miyala ya pansi, popanda munthu wothiramo. N'chifukwa chake ana ena a kumeneko amakula ndi mano amawanga ofiirira. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Khansala kapena phungu wofuna kumenyera anthu ake nkhondo pa nkhaniyi, amenyere kuti mijigo iziyezedwa.

Ndipo chonde, a mano ofiirira, musapereke pakamwa panu kwa ogulitsa timabotolo "toyeretsa mano" m'misewu ya ku Limbe. Mankhwala owawasa amadya chikuto cha dzino, ndipo chikatha sichibwereranso.

Mwana wosakwana zaka 3, kolugeti wongopaka ngati njere ya mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati nsawawa. Kawiri pa tsiku, makamaka pogona. Azilavula, asameze, asachukuche.