Lamba wa fakitale aimitsidwe ndi ndani?

Tiyerekeze tili m'fakitale yothira zakumwa m'mabotolo. Botolo limodzi lagwa cham'mbali pa lamba, anzake akuunjikana kumbuyo kwake. Sensa, kachipangizo kozindikira zochitika pa lamba, yaona. Tsono aimitse lambayo ndani: kompyuta yaikulu ya mu ofesi, kapena kabokosi komangidwa pambali pa makinawo?

M'zaka za m'ma 1960 yankho linali kompyuta yaikulu, chifukwa makompyuta anali odula zedi. Fakitale inkagula imodzi, mawaya onse n'kuthera kwa iyo. Ikangodwala, ntchito yonse inkadwala nayo. Mu 1968 kampani ya General Motors inapempha kachipangizo kolowa m'malo mwa makabati odzaza maswichi, ndipo kunabadwa PLC (kakompyuta kolamulira makina pamalo pomwepo) yotchedwa Modicon 084, ya gulu la Dick Morley. Pofika 1975, makampani a Honeywell ndi Yokogawa anatulutsa njira yogawa ulamuliro kwa timakompyuta tambiri, kalikonse kakuyang'anira dera lake.

Ine ndimayamba ndi kufunsa nthawi. Botolo lagwalo likufuna yankho sekondi isanathe n'komwe. Uthenga ukati upite ku seva, kompyuta yaikulu ija, udikire pamzere, ubwerere, magalasi amakhala atamwazika kale pansi. Chigamulo chotere chizikhala pa makina pomwepo. A Toyota anazindikira zimenezi kudzera mwa anthu: wantchito aliyense ali ndi ufulu wokoka chingwe cha andon, chomwe chingaimitse lamba, akaona cholakwika, osayamba wakagogoda kwa bwana.

Koma ufulu uli ndi msampha wake. Ndinaonapo pafakitale ina makina othira atatchunidwa kuti azithamanga mpaka pomaliza, pamene omata malebulo anali oyenda pang'onopang'ono. Pa sikirini ya makina othirawo manambala anali okongola, woyendetsa wake akunyadira. Pakati pa makina awiriwo, mabotolo anadzaza lamba, ena akuwalongedza m'makreti ndi manja. Makina aliwonse ankachita bwino paokha, koma fakitale inkaluza. Zoti oda iti iyambe, zipangizo zatsala zochuluka bwanji, makina ati aime kuti akonzedwe, zimafuna diso loona nyumba yonse. Apa mpamene kompyuta yapakati imaposa.

Ajeremani atalengeza za Industrie 4.0, ndondomeko yoti makina a m'mafakitale azilumikizana pa netiweki, ku chionetsero cha Hannover mu 2011, anakankhira nzeru pansi kwambiri, mpaka pa katundu weniweniyo. Ku fakitale ya Siemens ya ku Amberg, komwe amapanga ma PLC a Simatic, chinthu chikupangidwacho chimayenda ndi nambala yake, makina n'kuiwerenga kuti adziwe chochita nacho. Zokoma ndithu. Ogulitsa satchula kawirikawiri kuti kukhala ndi timitu tambiri n'kukhalanso ndi mapulogalamu ambiri oti uziwasamala, ndipo vuto likagwa usiku umayenda kabokosi ndi kabokosi kusaka kamene kanayambitsa.

Nanga netiweki ikafa? Mu Malichi 2019 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a kampani ya Norsk Hydro ya ku Norway ndi pulogalamu ya LockerGoga. Ng'anjo zosungunulira aluminiyamu zinapitiriza, anthu akuyendetsa zambiri pamanja, koma mafakitale ena a kampaniyo anaima. N'chifukwa chake ndikamalandira makina atsopano ndimazula waya wa netiweki wogulitsa akuona, n'kuyang'ana wotchi: lamba apitirira kwa mphindi zingati, ndipo akaima, aima mwadongosolo kapena asiya mabotolo osatseka pansi pa mipope?