Dzimbiri la pa mfuti silichotsedwa ndi sandipepala

Funso limene latopetsa makutu anga pa benchi yokonzera mfuti ndi ili: "Amisiri, ndili ndi kandalama pang'ono, ndigule chiyani kuti mfutiyi ioneke bwino?" Wofunsayo nthawi zambiri amakhala atanyamula Ruger 10/22, mfuti ya .22 yodzilowetsera yokha chipolopolo mukawomba, imene yakhala pamsika kuyambira 1964 ndipo siisowa m'makalabu owombera chandamale kuno ku South Africa. Pa foni wasungapo zithunzi za scope yodula, galasi loonera patali lomangirira pa mfuti. Ine ndikamasula mpope kuuchotsa pa mtengo wake, pansi pake ndimapeza timadontho tofiira. Kandalamako kayambe kagwira ntchito pamenepo.

Kuda kumene mumakuona pa mpope si penti. Ndi chitsulo chomwecho chimene anachisintha pamwamba ndi mankhwala, ndipo kakhungu kameneka n'kopyapyala moti pakokha sikatchinga madzi ngati palibe mafuta. Thukuta la m'manja lili ndi mchere, ndiye pamene mwagwira ndi pamene dzimbiri limayambira. Wokhala ku Durban kapena ku Richards Bay, kumene mpweya umabwera ndi chinyezi cha kunyanja, sangasunge mfuti ngati wa ku Gauteng m'nyengo yozizira. Koma chimene chimawononga mfuti zambiri ndi chikwama. Munthu amabwera kowombera, mfuti yanyowa ndi mvula yowaza, n'kuitsekera m'sefu ili m'chikwama chake chasiponji. Siponjiyo imamwa chinyezi n'kuchigoneka pa chitsulo miyezi yathunthu. Tulutsani mfuti m'chikwama, ipukuteni ndi kansalu kodontheza mafuta a mfuti, ndipo m'sefumo muikemo timapaketi ta silica gel, muzitiumitsa kapena kutisintha tikakhuta.

Ndati mafuta a mfuti. Mafuta ophikira amasanduka ulimbo pakapita nthawi. WD-40 imathamangitsa madzi, inde, koma yokha siikwana kuteteza chitsulo nthawi yaitali. Ndipo kuthira mafuta ambiri mkati ndi vuto linanso, chifukwa zipolopolo za .22 zimasiya mwaye ndi phula, zimenezi zikakumana ndi mafuta zimapanga matope amene amalemetsa bolt, chitsulo chimene chimakankhira chipolopolo mu mpope, mpaka mfuti kuyamba kukakamira.

Dzimbiri likadali pamwamba, ntchito yake ndi yopepuka. Thirani mafuta, adikireni alowerere, kenaka sisitani mopepuka ndi steel wool yosalala kwambiri ija yolembedwa 0000, osati yokwechera mapoto. Viniga musayerekeze, amachotsa dzimbiri pamodzi ndi kuda konse. Pamene payera mutha kupakapo mankhwala a m'kabotolo otchedwa cold blue mutachotsa mafuta onse, koma dziwani kuti amangobisa pang'ono ndipo pa 10/22 amagwira pa mpope pokha. Thupi la mfutiyi, mmene mumayenda bolt, ndi la aluminiyamu, ndipo mankhwalawa sagwirapo. Dzimbiri mukalisiya, limakumba timaenje, ndipo chitsulo chimene ladya sichibwerera. Mukazengereza chaka chimodzi, ntchito ya kansalu imasanduka yogula mpope wina, pamodzi ndi mapepala ake onse a ku polisi.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandiwawabe. Mfuti yake ya chitsulo chokhachokha inagwidwa ndi dzimbiri cha m'mbali, vuto loti tikanalithetsa m'mawa umodzi. Poopa mtengo wa mmisiri wa laisensi, anaipereka kwa mnzake wowotcherera mageti amene anati zitsulo zonse n'zimodzi. Mnzakeyo anaikwecha ndi sandipepala, kenaka waya wa pa gulainda, mpaka manambala ena a mfutiyo anafufutika. Pofuna kumusangalatsa, anapalanso ndi tupa kachitsulo kamene kamagwira hamala ya mkati mwa mfuti, kuti trigger, pokokera ndi chala powomba, izifewa. Bamboyo anabwera kwa ine atachita mantha, mfuti itawomba yokha kowombera pamene amatseka bolt. Mwayi wake inaloza kutsogolo, pomwe pambali pake panali mwana wake. Kachitsulo kopalidwako ndikanatha kusintha, koma manambala ayi. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act ya 2000, limaika mfuti imene nambala yake yasinthidwa kapena kuchotsedwa popanda chilolezo m'gulu la mfuti zoletsedwa, ndipo ntchito yokhudza nambala, kutalika kwa mpope ndi kukula kwa chipolopolo imaloledwa kwa mmisiri wa laisensi yekha. Munthu amene anavutikira zaka kuti apeze chiphaso cha wowombera wodzipereka, chimene chimamuloleza kukhala ndi mfuti yotere, anachoka pa benchi panga akupita kukadzifotokoza ku polisi. Wowotcherera uja sanataye kalikonse.

Aliyense amene wakuuzani kuti akufewetserani trigger ndi tupa kuseri kwa nyumba, mulandeni mfutiyo pomwepo. Timakona ta zitsulo zimenezo ndi timene timaletsa mfuti kuwomba ikagwa pansi.

Tsono kandalama kaja mugule chiyani? Choyamba chingwe chotsukira mpope, chimene mumalowetsa kumene kumalowera chipolopolo n'kukokera kukamwa kwa mpope. Thupi la 10/22 ndi lotseka kumbuyo, ndiye ambiri amasokolotsa ndodo yachitsulo kuchokera kukamwa, n'kumadya m'mphepete mwa kamwalo, pamene chipolopolo chimakhudza komaliza. Pakangodyeka pamenepo, ngakhale scope ya mtengo wa galimoto singakonze kumwazika kwa zipolopolo. Gulaninso magazini yachiwiri yeniyeni ya zipolopolo 10 ija yozungulira, chifukwa kukakamira kwambiri kumene anthu amanamizira mfuti kumachokera ku magazini yalitsiro kapena yachinyengo. Lamba wabwino wonyamulira amathandiza kugwira mfuti mosagwedera kuposa zokongoletsa zonse. Zotsalazo mugule mitundu ingapo ya zipolopolo, muyese kuti mpope wanu umagwirizana ndi uti, poti mfuti za .22 zimasankha.

Ngati scope mwaifunitsitsa, yapakatikati ikukwanirani, koma samalani pomanga. Mazinga a pa aluminiyamu amatha msanga mukalimbitsa ndi mphamvu zonse, ndipo sikuluwu yotalika imatulukira mkati n'kugwira bolt. Mukamanga, kokani bolt kangapo mfuti ilibe kanthu, mumve ngati ikuyenda momasuka.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kuyesa kunyumba: mfuti yowomba kawiri mwakoka kamodzi, loko woteteza amene sakugwira, chikopa cha chipolopolo chotuluka chotupa kapena chong'ambika, ndi dzimbiri limene chikhadabo chikukodwamo. Mukaona chimodzi mwa izi, chotsani magazini, onetsetsani kuti mkati mulibe chipolopolo, ndipo musawombenso mpaka mmisiri ataiona. Mukafika, mufunseni akuonetseni laisensi yake musanamupatse mfuti m'manja.